Dokotala wa ku casualty akayamba mafunso, musamubisire chifuwa

Abale anga a pa gulu lino, mwaswera bwanji? Ndi ine mayi wanu wa ku Rosettenville kuno ku Joni uja, amene mumandidzutsa usiku kuti tiperekezane kuchipatala. Uthengawu utalikirapo, ndiye amene muli ku ntchito mumvere mukaweruka.

Loweruka lapitali ndinaperekeza ku casualty, kolandirira odwala mwadzidzidzi, mnyamata wina, dzina sinditchula, atachekedwa ndi botolo pamkono. Dokotala ali mkati mosoka, anayamba kumufunsa kuti magazi anayezetsa liti, ngati akutsokomola, ndiponso mowa amamwa kangati pa sabata. Mnyamata uja kundicheukira, nkunena m'Chichewa kuti, "Amayi, ameneyu akufunanji? Ine ndabwera ndi bala, sindinabwere kudzalapa." Zonse anangoti ayi, ayi, ayi. Chonsecho njira yonse m'galimoto amatsokomola ngati akung'ambika, ndipo lamba wake ndinamuona ine, waboolapo chibowo china ndi msomali chifukwa buluku likumuvuka. Ndiye ndati ndilankhule, poti si iye yekha.

Tiyambire pakhomo. Kaya mwapita ku chipatala cha Bara (Baragwanath) ku Soweto, kaya ku Charlotte Maxeke ku Parktown, kaya ku Helen Joseph, woyamba kukuonani ndi nesi. Amakuyezani BP, kutentha kwa thupi, kapumidwe, nkukupatsani mtundu wosonyeza kukula kwa vuto lanu. Wofiira ndiye kuti moyo uli pachiswe, amalowa nawe nthawi yomweyo. Wa olenji ayenera kuonedwa pasanathe mphindi 10, wachikasu pasanathe ola limodzi, wobiriwira maola 4, ngakhale Lachisanu la kumapeto a mwezi maola amenewo amangokhala a papepala. Wina akakudutsani pamzere musayambe kuti atiyamba kusala ife a ku Malawi. Mwina mnzanuyo ndi wofiira. Koma mukaona kuti zikukulirani muli pa benchi pomwepo, bwererani kwa nesi akuyezeninso. Ndipo gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino la South Africa, a 1996, limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Aliyense. Za ndalama ndi mapepala zitha kubwera, koma magazi akutuluka ayambe aimitsidwa.

Tsopano za mafunso aja. Madokotala a ku casualty sali pamodzi pankhaniyi, ndipo ine pazaka zonse zomwe ndaperekeza anthu ndawaona a mitundu iwiri. Alipo amene amaona kuti ntchito yawo nkutseka bala, kubweza mpweya, basi. Zoyeza HIV, za fodya, za mowa, amati nza ku kiliniki. Sindiwada ayi. Munthu amene wagwira usiku wonse, panja pali ambulansi zitatu, m'kati mulibe ndi kachipinda koti akufunse zachinsinsi, koma nsalu yokha yotchinga imene mnzako wa bedi linalo akumva chilichonse, angayambe bwanji kukuphunzitsa za makondomu? Ena amati ayi, mwamuna wa ganyu sapita ku kiliniki, amaopa kujomba abwana angamuchotse. Amabwera kuchipatala pokhapokha atavulala. Ukamusiya lero osamuyeza, udzamuonanso atanyamulidwa pa machira. Ine ndili mbali ya achiwiriwa, chifukwa anyamata athu ndimawadziwa. Koma inu simusankha kuti mupeza dokotala uti, ndiye mverani chochita.

Mukapeza wofunsa uja, yankhani zoona. Chifuwa chayamba liti, nenani. Mukutuluka thukuta usiku, mwaonda, nenani. Akupatsani kabotolo ka makhololo, ndipo akapeza TB mankhwala ake ndi a miyezi 6, aulere, ndipo imachira. Akakupemphani kuyeza HIV, ndi kadontho ka pachala, zotsatira mumazimva musananyamuke. Sangakuyezeni musanavomere, ndipo zotsatira sizipita kwa abwana anu kapena kwa landlord. Za mowa musachite manyazi. Nthawi ya Covid mu 2020 boma litaletsa kugulitsa mowa, anthu ovulala anachepa kwambiri m'zipatala, ndiye madokotalawa akamafunsa za mowa sikuti akukunyozani, anaona ndi maso.

Mukapeza wotanganidwa uja, wosafunsa kanthu, funsani ndinu. Akamaliza kusoka, asanatembenuke, nenani mwachidule kuti ndili ndi chifuwa cha masabata atatu, ndikufuna kuyezedwa. Akati pano sitingathe, musakangane naye. Pemphani kalata yopita nayo ku kiliniki ya kufupi ndi kwanu, ndipo musatuluke pageti opanda kalatayo. Ngati nesi ananena kuti BP kapena shuga zakwera, muwauze akulembereni manambala ake papepala. Ngati chakuvulazani ndi chitsulo, msomali kapena lata, funsani za jakisoni wa kafumbata. Chingerezi chikakuvutani tengani munthu, koma akhale woti mungalankhule za m'thupi mwanu iye akumva. Osati mlamu wanu amene mawa nkhani yonse ikafika ku Mangochi.

Amene muli pa ma ARV, kapena mankhwala a BP, a shuga, a khunyu, nyamulani mabotolo ake. Ngati munayambira kumudzi, buku la kuchipatala lija mubwere nalo. Dokotala sangalote zimene mukumwa, ndipo mankhwala ena sagwirizana.

Pali funso lina limene limatiwawa ife alendo, lakuti mwayenda posachedwa, mwachokera kuti. Ambiri timaganiza kuti ayamba za mapasipoti. Kumbukirani kumayambiriro a 2023, kolera ili pachimake kumudzi. Oyamba kupezeka nayo kuno ku Gauteng anali amayi awiri apachibale amene anapita kumaliro ku Malawi nkubwerera pa basi. Dokotala akadziwa kuti mwangotsika basi ya ku Blantyre kapena ya ku Lilongwe, amaganiza msanga za malungo ndi kolera. Mukabisa, malungo angawatenge ngati chimfine, poti kuno ku Joni malungo sawaona tsiku ndi tsiku ngati kwathu. Matenda ngati TB, chikuku ndi kolera, lamulo limati adziwitse a zaumoyo, ndipo malipoti ake amafika ku NICD, bungwe loona za matenda opatsirana, ku Sandringham, kuti atsatire amene mwakhala nawo pafupi asadwale.

Amayi anzanga, apa nditsitse mawu. Akakufunsani kuti diso latupa bwanji, zoti ndinagwa kubafa tisiye. Dokotala amadziwa kusiyana kwa kugwa ndi chibakera. Muuzeni nesi kuti mukufuna kulankhula panokha, bambo akhale panja. Pali fomu ya J88 imene dokotala amalembapo mabala, imagwira ntchito kukhoti. Wina akagwiriridwa, asasambe, asachape zovala, athamange kuchipatala, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV aja a PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwa masiku 28. Funsani za malo otchedwa Thuthuzela, kumene dokotala, apolisi ndi aphungu amakuthandizirani pamodzi. Zimenezi nza abambonso, nza ana omwe.

Manambala sungani m'foni pompano: ambulansi ndi 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja. Mukaimba tchulani dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, wina akaime pageti.

Mnyamata uja ndalankhula naye dzulo, wavomera kupita ku kiliniki Lachiwiri m'mawa akakachotsa ulusi, akaperekenso makhololo. Ine tsiku limenelo ndili ku ntchito. Achimwene ena a ku Turffontein amene muli ndi mpata, ndiimbireni kumbali ndikulumikizeni naye, chifukwa yekha ndikumudziwa, akangochotsa ulusi athawa. Zikomo, mugone bwino.