Watuluka m'manda, koma nsalu zikadali m'thupi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mulungu watisunga usiku wonse. Tisanamwazikane kupita ku ntchito zathu, tiyeni tiime pang'ono pakhomo pa manda a Lazaro ku Betaniya, pa Yohane 11.

Nkhaniyi ambiri timaidziwa kuyambira tili ana. Lazaro, mlongo wake wa Marita ndi Mariya, anadwala mpaka kumwalira, ndipo Yesu pofika anapeza atagona m'manda masiku anayi. Betaniya anali pafupi ndi Yerusalemu, mtunda wa makilomita ngati atatu, choncho anthu odzakhuza maliro anali ambiri. Yesu atalamula kuti achotse mwala, Marita anadandaula kuti mtembo wayamba kale kununkha. Mwala unachotsedwabe. Yesu anapemphera, kenako anafuula kuti, "Lazaro, tuluka!" Wakufa uja anatuluka.

Tikafika pamenepa timakonda kutseka Baibulo n'kuyamba kuomba m'manja. Koma taonani pa vesi 44 mmene munthuyo anatulukira. Manja ndi miyendo zinali zomangidwa ndi nsalu za kumanda, nkhope yake yokulungidwa ndi kansalu. Tamuonani m'maganizo mwanu ali chiimire pakhomo paja. Mtima ukugunda, mpweya ukulowa ndi kutuluka, thupi layamba kufunda. Ndi wamoyo ndithu, palibe angatsutse. Komatu sangathamange kukakumbatira alongo ake. Sangaone ngakhale nkhope ya amene wamuitana. Akudzikoka pang'onopang'ono, ndipo fungo la masiku anayi aja likadali m'nsalu. Apa mpamene Yesu anatembenukira anthu oimirira pafupi n'kuwauza kuti ammasule, amleke apite.

Ndikulembera inu amene munapereka moyo wanu kwa Yesu ndi mtima wonse, misozi ili mbwembwembwe, koma patangopita sabata munadzipeza mwabwerera ku chinthu chimene munalumbira kuti simudzachitanso. Mwina ndi botolo, mwina ndi zithunzi zija mumaonera pa foni anthu onse atagona. Kwa ena ndi bodza limene limangotuluka lokha pakamwa, kwa ena ndi chibwenzi chamseri, njuga, kapena mkwiyo umene ana anu amauzindikira akangomva mmene mwatsegulira chitseko. Ndipo woipayo sachedwa kunong'oneza: "Waona? Palibe chasintha. Unangotengeka ndi nyimbo tsiku lija."

Musamumvere. Nsalu zija sizinali umboni wakuti Lazaro akadali wakufa. Mtembo sudandaula kuti nsalu zathina, sumva fungo lake lomwe. Ngati tchimo limene kale munkalichita mukuseka lero likukusowetsani tulo, likukuchititsani manyazi pamaso pa Mulungu, dziwani kuti mkatimo muli moyo. Paulo akunena pa 2 Akorinto 5:17 kuti aliyense amene ali mwa Khristu ndi wolengedwa watsopano. Mawu amenewo sadikira kuti nsalu yomaliza igwe pansi kuti akhale oona.

Koma pali mbali ina imene imandiwawa kwambiri. Tilipo ena amene tinatuluka m'manda zaka khumi zapitazo, nsalu zija tikadavalabe, mpaka tinazizolowera ngati zovala za tsiku ndi tsiku. Timazipatsa maina abwino. "Ine ndi mmene ndinabadwira." "Mtima wapachala ndi wa kubanja kwathu." "Mulungu amandimvetsa." Inde amatimvetsa, koma Yesu sanaitane Lazaro kuti akhale pakhomo pa manda atakulungidwa moyo wake wonse. Anafuna kuti apite, ayende, akafike kunyumba.

Nsalu yanga ine inali lilime. Ndinkadzuka m'mamawa, kupemphera bwinobwino, kuwerenga Mawu. Likamafika dzuwa paliwombo ndinali nditakamba kale za anthu atatu amene panalibe. Ndinkayamba ndi mawu ooneka achifundo: "Tiziwapempherera aujeni, mwamva zimene zachitika?" Pemphero lake silinkachitika, nkhani yokha ndi imene inkayenda. Tsiku lina mayi wina wachikulire wa mu mpingo mwathu anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Sanakalipe. Anangogwira dzanja langa n'kunena kuti, "Mwana wanga, mwini nkhaniyi akanakhala pano, ukanainena chonchi?" Ndinasowa poyang'ana. Kunyumba ndinafika nditawakwiyira mayi aja, koma usiku umenewo ndinalira pamaso pa Mulungu. Paja akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Kuchokera tsiku limenelo ndinawapempha kuti azindifunsa sabata iliyonse mmene ndayendera ndi pakamwa panga. Zinatenga nthawi, ndipo ndinagwa kangapo, koma nsalu ija inayamba kumasuka.

Chizolowezi chili ngati madzi, ndipo madzi saiwala khwawa. Tchimo limene mwalichita zaka zambiri linakumba njira yake. Lili ndi nthawi yake, malo ake, anzake, ndiponso mmene mtima umakhalira lisanabwere: kutopa, kusungulumwa, kukhumudwa, kapena ndalama zikangolowa m'thumba. N'chifukwa chake kulonjeza pakamwa pokha sikukwanira. Mukasiya khwawa lili lotseguka, mvula yoyamba idzadutsa momwemo.

Akhristu a ku Efeso anachimvetsa chimenechi. Werengani Machitidwe 19:18-19. Mzindawu unali wodzala ndi zamatsenga, ndipo Paulo anakhalamo akuphunzitsa kwa zaka zoposa ziwiri. Lemba likuti ambiri mwa amene anali atakhulupirira kale anabwera kudzaulula poyera zimene ankachita. Taonani bwino, anali okhulupirira, koma mabuku a matsenga anali akadali m'nyumba. Tsiku lina anawasonkhanitsa n'kuwatentha anthu onse akuona. Atawerengera mtengo wake anapeza ndalama zasiliva 50,000. Ngati ndalama imodzi inali malipiro a munthu a tsiku limodzi, monga ambiri ophunzira Baibulo amafotokozera, ndiye kuti chimene chinapsa pamoto paja ndi thukuta la munthu mmodzi la zaka zoposa 130. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti sanawagulitse. Akanatha kunena kuti tigulitse, ndalamazo tithandizire osauka. Sanawabisenso pansi pa bedi kuti mwina tsiku lina adzafunika. Anadziwa kuti buku likatsala, njira yobwerera yatsala.

Nanga inu buku lanu ndi liti? Mwina ndi nambala ija munaisunga mu foni ndi dzina lina kuti a kunyumba asaizindikire. Munasiya kuimba, inde, koma simunaifufute. Mwina ndi gulu lija la pa WhatsApp limene mumangoti "ndimangoona, sindilembapo." Mwinanso ndi njira ija mumadzera pochokera kuntchito, imene imadutsa pakhomo pamene mukudziwa kuti anzanu akale akuitanani. Aroma 13:14 amatichenjeza kuti tisakonzere thupi mpata wokwaniritsira zilakolako zake. Nambala yosungidwa ija ndi mpata umene mwakonza ndi manja anu.

Kuchotsa kokha nakonso kuli ndi ngozi yake. Yesu anafotokoza pa Mateyu 12:43-45 za mzimu wonyansa umene unatuluka mwa munthu, n'kuyendayenda kusowa popumulira. Utabwerera unapeza nyumba yosesedwa, yokonzedwa bwino, koma yopanda wokhalamo. Unakatenga mizimu ina isanu ndi iwiri yoipa kuposa iwo, ndipo mathero a munthu uja anaipa kuposa chiyambi. Nyumba inali yaukhondo, vuto linali lakuti inali yopanda kanthu. Munthu akasiya mowa, madzulo aja amene ankakhala ku bala amakhalapobe, maola ake ndi omwewo, ndipo akufuna chowadzaza. N'chifukwa chake Paulo, polembera Aefeso omwewo, sakuima pa "vulani munthu wakale," akupitiriza kuti "valani watsopano." Pa Aefeso 4:28 wakuba sakungouzidwa kuti aleke kuba. Akuuzidwa kuti agwire ntchito ndi manja ake kuti akhale ndi kanthu kogawira wosowa. Dzanja lomwe lija linkalanda liphunzire kupereka. Wabodza aphunzire kunena zoona, ndipo pakamwa pamene pankatuluka mawu owola pazituluka mawu omangirira anzathu. Ine ndinayamba ndi kanthu kakang'ono: nkhani ya munthu ikandiyabwa pakamwa, ndinkachoka n'kukamutchula dzina pamaso pa Mulungu, osati pamaso pa anthu.

Tibwerere ku manda kuja. Amene anadzutsa munthu wa masiku anayi sakanalephera kudula nsalu ndi mawu amodzi. Iye mwini atauka, nsalu zake zinatsala m'manda, kansalu ka kumutu kali kopindidwa pakokha, monga Yohane 20:6-7 akutiuzira. Koma za Lazaro anazipereka m'manja mwa anthu. Munthu womangidwa manja sangadzimasule yekha, ngakhale atalimbikira chotani. Ambiri tikuvutika mpaka lero chifukwa tikufuna kumasuka popanda wina kudziwa kuti tinali omangidwa. Yakobo 5:16 akuti tiululirane machimo ndi kupemphererana kuti tichiritsidwe. Sakutanthauza kuti mukaime kutsogolo kwa mpingo wonse ayi. Pezani munthu mmodzi wokhwima m'chikhulupiriro, wodziwa kusunga chinsinsi, mwamuna kwa mwamuna mnzake, mayi kwa mayi mnzake, mumuuze dzina lenileni la chinthucho.

Ndipo inu amene m'bale angakudalireni n'kukuululirani, kumbukirani kuti omasula Lazaro anayenera kufika pafupi, kugwira nsalu zonunkha ndi manja awo. Sanaime patali atatseka mphuno. Agalatiya 6:1 akuti wogwa timubweze ndi mzimu wofatsa, tikudziyang'anira tokha kuti nafenso tingayesedwe. Zimene mwamva zithere m'makutu mwanu ndi m'mapemphero anu. Pali abale amene anabwerera kumanda chifukwa tsiku limene anaulula, nkhani yawo inafika kwa anthu khumi dzuwa lisanalowe.

Mukatsegula chaputala chotsatira, Yohane 12, mupeza Lazaro ku Betaniya komweko, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti Paska ifike. Wakhala pa chakudya pamodzi ndi Yesu, Marita akutumikira, Mariya akudzoza mapazi a Ambuye ndi mafuta onunkhira mpaka fungo lake linadzaza nyumba yonse. Manja aja anali omangidwa tsopano akutambasuka kulandira chakudya. Anthu ambiri anabwera kudzamuona, ndipo ambiri anakhulupirira Yesu chifukwa cha iye.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu, zikomo kuti munatiitana ndi dzina tili akufa. Mukudziwa nsalu imene yatsala pa aliyense wa ife, ngakhale ija sitinauzepo munthu. Tipatseni mphamvu lero yofufuta chofunika kufufuta, yosintha njira, yopepesa kwa amene tinamulakwira. Tisonyezeni m'bale kapena mlongo woti timuuze zoona, ndipo mutipatse kulimba mtima kuti timuimbire dzuwa lisanalowe. Amene wagwa usiku wathawu mumudzutse, asachite manyazi kubwera kwa Inu m'mawa uno. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.