Mwana wa Lachisanu Loyera

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tisinkhesinkhe Masalimo 68:5, pamene Mulungu akutchedwa Atate wa ana amasiye ndi mtetezi wa akazi amasiye.

Pa 30 Malichi 1923, tsiku la Lachisanu Loyera, nyumba imene inkamangidwa ku America inagwa ndi kukwirira amisiri. Mmodzi mwa omwalira anali Geremio di Donato, mmisiri wa njerwa wochokera ku Vasto m'dziko la Italy. Mwana wake Pietro, wobadwira ku West Hoboken, New Jersey, mu 1911, anali asanakwanitse bwino zaka 12. Sukulu inathera pomwepo. Anatenga zida za bambo ake n'kuyamba kuyala njerwa pakati pa akuluakulu kuti amayi ake ndi azing'ono ake adye.

Taganizani, pa tsiku limene mpingo ukulira imfa ya Yesu, mnyamatayu ankalira bambo ake omubereka. Chilonda chimenechi sichinapole msanga. Mu 1937 magazini ya Esquire inasindikiza nkhani yake yaifupi yonena za imfayo, ndipo mu 1939 inakula kukhala buku lotchedwa Christ in Concrete, kunena kuti Khristu wokwiriridwa m'konkire. M'bukumo mnyamata wamasiye amafunsa Mulungu mafunso owawa, mpaka chikhulupiriro chake chimagwedezeka. Ine sindimuweruza. Yobu nayenso anafunsa, Davide anafunsa, ndipo Yesu mwini pa mtanda anafunsa chifukwa chake Atate anamusiya.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Pietro yemweyu, atakula n'kukhalanso mtolankhani, anabwereranso ku nkhani za oyera mtima. Mu 1960 analemba za moyo wa Mayi Cabrini, sisitere amene ankasamalira anthu a ku Italy osauka ku America. Mu 1962 analemba za Alessandro Serenelli, amene anapha Maria Goretti koma mtsikanayo anamukhululukira asanamwalire. Mwana amene anakwiyira kumwamba anapezeka akulemba za kulapa ndi chikhululukiro. Anamwalira mu 1992.

Mwina inunso mwadzuka ndi funso limene mumaopa kulinena m'pemphero. Linenani, Atate sakhumudwa ndi kulira kwa mwana wamasiye.

Ambuye, tetezani amisiri amene akukwera pamwamba pa zomanga m'mawa uno, abwerere kwawo amoyo madzulo. Kumbukirani ana amene asenza banja akadali aang'ono. Ameni.