Hřensko, kamudzi ka ku Czech kopanikizika pakati pa mtsinje ndi mathanthwe

Moni nonse, takulandiraninso pa chanelo chathu. Lero tili ku Czech, kumpoto kumalire ndi Germany, kukamudzi kotchedwa Hřensko m'boma la Děčín. Anthu ake ndi mahandiredi ochepa chabe, koma nyengo yotentha ikafika alendo amadzaza msewu mpaka kusowa popondera.

Taonani mapuwa. Mtsinje waukuluwu ndi Elbe, eni ake amati Labe, ndipo apa ndi pomwe kamtsinje ka Kamenice kamathira madzi ake. Pomwe Elbe akutulukira m'dzikomo ndiye malo otsikitsitsa mu Czech monse, mamita 115 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Tsidya linalo ndi Germany kale, pali siteshoni ya sitima ya Schöna, munthu umangokwera boti n'kuwoloka basi. Munda kulibe kuno. Nyumba zinangondandalikana m'mbali mwa Kamenice, kutsogolo madzi kumbuyo thanthwe, mpaka anachita kumanga mipanda yachitsulo kumtundako kuti miyala ikagumuka isaphwanye madenga.

Ndiye ankadya chani anthuwa? Mitengo. Mudziwu unayamba kupezeka m'zolembedwa mu 1475, ndipo kwa zaka zambirimbiri ntchito inali kudula mitengo m'nkhalango, kuiyandamitsa pa Kamenice, kucheka matabwa, ina kuimanga pamodzi n'kutsika nayo Elbe kukagulitsa. Ambiri anali olankhula Chijeremani, mudziwo ankautcha Herrnskretschen, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945 anathamangitsidwa ndipo munabwera anthu ena atsopano.

Amene anatembenuza zinthu ndi mwini malo, Edmund Clary-Aldringen. Mkuluyu anaona kuti miyala yomweyi ndi ndalama. Mu 1881 anamangitsa nyumba ya alendo ya Sokolí hnízdo pafupi ndi Pravčická brána, thanthwe lobooka ngati chipata, mamita 26.5 mulifupi, 16 kutalika, ndipo mu Europe monse mulibe lina la mwala wamchenga loposa ili. Kukwera pamwamba pake kunadzaletsedwa mu 1982 poti limaperepeseka. Mu 1890 Edmund uja anatsegula chigwa chopapatiza cha Kamenice, chomwe mpaka pano chimatchedwa ndi dzina lake, Edmundova soutěska. Apa ndiye pondisangalatsa ine. Pena njira imathera pathanthwe, ndiye mumalowa m'boti, wopalasa waima kumbuyo ndi mtengo wake wautali akukankha pansi, uku akukulozerani miyala, uwu ukuoneka ngati chakuti, uwo ngati chakuti, makoma a miyala atakuzingani uku ndi uku.

Mu 2000 dera lonseli linasanduka paki yoteteza zachilengedwe ya České Švýcarsko, ndipo lero chuma cha Hřensko ndi alendo basi. Mahotela, malesitilanti, malo oimika magalimoto, maboti aja, komanso timashopu ta amalonda ochokera ku Vietnam togulitsa zovala ndi zina kwa Ajeremani owoloka malire.

Vuto lake ndi lomweli, mudzi wonse kudalira chinthu chimodzi. Mu Ogasiti 2002 Elbe anasefukira n'kumiza nyumba zambiri, mu 2013 madzi anabweranso. Koma choopsa chinali mu Julaye 2022, moto unabuka m'nkhalango pafupi pomwepa n'kutentha mahekitala oposa 1,000, anthu anasamutsidwa, kukamudzi koyandikana ka Mezná nyumba 3 zinapsa. Mitengo yambiri inali itauma kale chifukwa cha tizilombo tofukula makungwa. Moto utazima chigwa cha Edmund chinatsekedwa kwa zaka poopa mitengo ndi miyala kugwera anthu, ndiye tangoganizani wopalasa boti uja, wophika mu lesitilanti, mwini kahotela, onsewo ndalama yawo imadutsira m'chigwa chimenecho. Kwa ine a paki sanalakwe kutseka, moyo wa munthu sugulidwa, koma amene analipira kwambiri ndi anthu a m'mudzimo ndipo zimenezi zimandikhudza heve.

Ngati muli ku Europe ndipo mukufuna kukafikako, yambani mwafufuza njira zomwe zili zotsegula, chifukwa zimasinthasintha. Tionane mu vidiyo yotsatira.