Makalata a Omvera: Mtima Uli Kunja, Sukulu Isanathe

Moni kwa nonse amene mwatchera khutu. Yakwana nthawi ya makalata anu, ndipo sabata ino ambiri achokera kwa ophunzira amene akuganiza zopita kunja. Wina akufuna kukaphunzira, wina kukagwira ntchito, wina internship (kuphunzira ntchito pa kampani kwa kanthawi), wina kukadzipereka popanda malipiro. Maina sinditchula monga mwa nthawi zonse.

Kalata yoyamba ndi ya mnyamata wa chaka chachiwiri ku yunivesite. Akuti: "Ndikuchita za uinjiniya koma fizi ikundivuta. Ndapezana ndi ejenti pa Facebook amene akuti andipezera ntchito mu hotela kunja. Akufuna ndilipire kaye ndalama ya mapepala, ndipite pa viza ya mlendo, zina tikakonza ndikafika. Anzanga akuti ndisachedwe, malo akutha. Ndisiye sukulu ndipite?"

Achimwene, zikomo polemba musanapereke ndalama, chifukwa ambiri amatilembera zitavuta kale. Yankho langa ndi lakuti ayi, musapite mwanjira imeneyi, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Viza ya mlendo ndi ya mlendo basi. M'maiko ambiri munthu wolowa nayo saloledwa kugwira ntchito yolipidwa, ndipo kuisintha muli konko nthawi zambiri sikutheka. Mukangoyamba ntchito, tsiku lomwelo mwaphwanya lamulo, ndipo abwana anu akudziwa zimenezo kuposa inu. Akakubisirani malipiro mukadandaula kuti? Kupolisi simungapite, poti mukaopa kuti akubwezani. Mawu akuti "tikakonza mukafika" amenewa ndi amene amamanga anthu manja. Kenako wina amati, bweretsa pasipoti ndikusungire isatayike. Bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, limaika kulanda pasipoti ya wantchito m'gulu la zizindikiro za ntchito yokakamiza. Pangano lake la nambala 181, la mu 1997, limanenanso kuti mabungwe opezera anthu ntchito asamalipiritse wofuna ntchitoyo. Woyenera kulipira ejenti ndi wolemba ntchito. Ndiye funso loyamba pa nkhani iliyonse ya kunja likhale ili: ndani akulipira ndani, ndipo akulipirira chiyani?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Muuzeni ejentiyo akupatseni dzina la hotelayo, kontrakiti yolembedwa yokhala ndi malipiro ndi maola, komanso mtundu wa viza ya ntchito imene mukalowere. Mukatero imbani nokha ku hotelako pa nambala imene mwaipeza nokha, osati imene wakupatsani iye. Funsaninso ku ofesi ya kazembe wa dzikolo. Munthu wachilungamo sakwiya ndi mafunso otere. Akayamba kukalipa kapena kunena kuti malo akutha mawa, mwadziwa kale.

Za kusiya sukulu ndiye zimandiwawa kwambiri. Zaka ziwiri za uinjiniya zopanda pepala, kunja nthawi zambiri amaziwerenga ngati simunaphunzire. Pitani kwa mkulu woona za ophunzira, mumuuze za fizi poyera, mufunse ngati pali ngongole, thandizo, kapena chilolezo chopuma chaka chimodzi malo anu akusungidwa. Kupuma ndi chilolezo ndi kungosowa m'kalasi n'zosiyana kutali. Mukadzakhala ndi digiri m'manja, kunja komweko mudzalowera pakhomo lina.

Kalata yachiwiri ndi ya mtsikana wa chaka chachitatu, wa sayansi ya makompyuta. Akuti: "Yunivesite yathu ili ndi ubale ndi ina ya ku Ulaya, ndipo ndingathe kukaphunzira semesita imodzi. Koma ndamvanso za internship ya miyezi itatu pa kampani. Zonse ndikuzifuna, koma sindingathe zonse. Ndisankhe chiti?"

Achemwali, vuto lanu ndi lokoma. Zonse ndi zabwino, koma zimapatsa zinthu zosiyana. Semesita ya kunja imakupatsani aphunzitsi atsopano, labu imene mwina kwanu kulibe, ndi pulofesa amene mawa angakulembereni kalata yokuchitirani umboni mukafuna digiri yachiwiri. Internship imakuphunzitsani m'mene ntchito imayendera: kufika pa nthawi, kulemba pulogalamu imene anthu ena adzaigwiritse ntchito, kumva wina akukuuzani kuti bwerezanso. Ngati maloto anu ndi kafukufuku ndi masters, tengani semesita. Ngati mukufuna kulowa ntchito mukangomaliza, internship imalemera kwambiri pa CV.

Koma tamverani apa, chifukwa ndi pamene ambiri amapunthwa. Musananyamuke kukaphunzira, dipatimenti yanu ivomereze pa pepala kuti maphunziro amene mukatenge adzawerengedwa mukabwera. Mu pulogalamu ya ku Ulaya yosinthana ophunzira ya Erasmus+, imene inayamba mu 1987 ndi dzina loti Erasmus ndipo pano imalandiranso ophunzira ochokera kunja kwa Ulaya, pepala limeneli limatchedwa Learning Agreement, ndipo limasainidwa ndi inu, sukulu yanu, ndi sukulu yokulandirani. Ku Ulaya semesita yathunthu amaiwerenga ngati makirediti 30 a ECTS, womwe ndi muyeso wawo wa kuchuluka kwa maphunziro. Tengani mndandanda wa makosi, mukhale pansi ndi mkulu wa dipatimenti, muyerekeze imodzi imodzi ndi imene anzanu otsala akhale akuphunzira. Mawu a pakamwa akuti "tidzaona ukabwera" musawalandire. Mphunzitsi amene walonjezayo akhoza kusamuka, inu n'kubwera n'kuuzidwa kuti mubwereze chaka.

Ku mbali ya internship, poti muli ku sayansi, fufuzani za IAESTE. Bungwe limeneli linayamba mu 1948 ku London, ndipo limatumiza ophunzira a sayansi ndi uinjiniya ku makampani ndi mayunivesite a maiko ena, kumene amalandira kandalama kokwanira kudya ndi kugona, ngakhale tikiti ya ndege nthawi zambiri imakhala yanu. Palinso AIESEC, ya chaka chomwecho, imene nayo imatumiza achinyamata ku internship kunja ndipo imayendetsedwa ndi achinyamata okhaokha. Kulikonse kumene mupite, funsani mafunso atatu awa: ndikagwira ntchito yanji kwenikweni, adzandiyang'anira ndani, ndipo pomaliza adzandipatsa kalata? Kampani ikalephera kutchula dzina la munthu wokuyang'anirani, dziwani kuti miyezi itatuyo mukaithera pa makina a fotokope. Mukanakhala mwana wanga, ndikanati tengani semesita pano, chifukwa mwayi umenewo umatha tsiku lomwe mwavala gauni, pamene internship mutha kuipezabe mutamaliza.

Tsopano kalata ya kholo. Mayi awa akuti: "Mwana wanga wamva kuti ku Germany sukulu ndi yaulere. Akuti ndimupezere ya ndege yokha, zina azikadzipezera pogwira maganyu. Ine ndili ndekha, bambo ake anamwalira. Kodi n'zoona?"

Mayi, pepani ndi imfa ya bambo, ndipo mwachita bwino kufunsa. Mwana wanu sananame, koma wamva theka. N'zoona kuti mayunivesite ambiri a boma ku Germany salipiritsa fizi ya maphunziro, kupatula kandalama ka semesita, ngakhale chigawo cha Baden-Württemberg chimalipiritsa ophunzira ochokera kunja kwa European Union ma euro 1,500 pa semesita. Theka limene sanamve ndi ili: asanapatsidwe viza ayenera kusonyeza kuti ali ndi ndalama zokhalira chaka chonse. Njira yodziwika ndi kuika ndalamazo mu akaunti yotsekedwa, imene amatapamo pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Mu 2024 ndalamayo inaikidwa pa ma euro 11,904 pa chaka. Muli lendi m'menemo, chakudya, ndi inshuwalansi ya zaumoyo imene ndi yokakamiza.

Za maganyuzo zili ndi malire. Ku Germany wophunzira wochokera kunja kwa European Union amaloledwa masiku athunthu 140 pa chaka. Ku Britain wophunzira digiri amaloledwa maola 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Ku America maola ndi omwewo, ndipo chaka choyamba amagwira pa sukulu pomwepo. Malamulowa amasintha, choncho awerenge pa tsamba la boma la dzikolo. Ndalama ya maola ochepa chonchi imathandiza, koma kunyamula moyo wonse wa wophunzira n'kovuta, makamaka miyezi yoyamba chinenero asanachidziwe. Ndimamva chisoni ndi ana amene amatsuka mbale mpaka pakati pa usiku, m'mawa akuwodzera m'kalasi, mayeso n'kulephera, viza n'kukhala pa chiswe, kwinaku akuchita manyazi kuuza mayi awo zoona pa foni.

Musagulitse chilichonse chimene chikudyetsa banja, mayi. Mwanayo atsogoze kufunafuna thandizo la maphunziro. Ku Germany kuli DAAD, imene imathandiza makamaka a masters ndi PhD. Ku Britain kuli Chevening, ya masters ya chaka chimodzi, imene imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri komanso wolonjeza kubwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Kulinso thandizo la maphunziro la Commonwealth, ndipo ku America kuli la Fulbright. Mwaona kuti zambirizi zimayang'ana amene ali kale ndi digiri yoyamba. Ndiye kumaliza bwino kumene ali pano ndiyo njira yake yopitira kunja, ndipo kulembera mabungwe onsewa sikulipiritsidwa.

Kalata yomaliza ndi yaifupi. Mtsikana akuti: "Ndikufuna kukathandiza ana amasiye ku dziko lina kwa masabata awiri pa tchuthi. Bungwe lake likufuna ndilipire. Ndipite?"

Mtima wanu ndi wabwino, achemwali, ndipo musautaye. Koma ulendo uwu sindikuuvomereza. Ana ambiri okhala m'nyumba zosungira ana amasiye ali ndi kholo kapena achibale amoyo, amene anawapereka chifukwa cha umphawi, ndipo malo ena amasonkhanitsa ana dala kuti alendo olipira azibwera. Dziko la Australia mu 2018 linafika poika mchitidwe wosonkhanitsa ana chonchi m'gulu la ukapolo wamakono. Ngakhale malowo atakhala achilungamo, taganizirani mwana amene wakuzolowerani, akukugwirani dzanja, masabata awiri atatha mwapita, kwabwera wina, nayenso wapita. Mwana ameneyo amaphunzira kuti aliyense womukonda amachoka.

Dzifunseni kuti muli ndi luso lanji limene anthu akumeneko akulisowa, ndipo mungakhale nthawi yaitali bwanji. Mabungwe otumiza anthu odzipereka monga VSO ndi UN Volunteers amafuna anthu a luso, amawasunga miyezi yambiri, ndipo amawapatsa ndalama yokhalira m'malo mowalipiritsa. UN Volunteers ilinso ndi ntchito zodzipereka za pa intaneti zimene mungayambe muli pa sukulu, monga kumasulira, kujambula kapena kusanthula manambala. Bungwe limene mwapezalo lifunseni kuti ndalama yanuyo igawidwa bwanji, komanso ngati limafufuza mbiri ya anthu lisanawalole kukhala ndi ana. Likapanda kukufunsani inuyo kalata ya ku polisi, dziwani kuti silifunsa aliyense.

Nthawi yatithera. Amene makalata anu sanawerengedwe lero, makamaka inu amene mwafunsa za mayeso a Chingerezi a IELTS ndi kalembedwe ka kalata yopemphera thandizo la maphunziro, tidzayambira kwa inu sabata ya mawa. Tsalani bwino.