Alamu, mverani izi musananyamuke ulendo wa ku Ilha de Moçambique

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Achemwali ndi ana ali bwanji? Uthenga wanu uja ndaumva kawiri, ndipo ndati ndingojambula mawu chifukwa zonena ndi zambiri. Mukhale penapake pachete, mutenge cholembera.

Ndiyambe ndi mndandanda wa malo mwanditumizira uja. Mwalembapo Quelimane, Angoche, Ilha, Nacala, Pemba mpaka chilumba cha Ibo, zonsezo m'masiku 7. Ayi alamu, zimenezo zichepetseni. Pemba ndi Ibo muchotsepo kaye. Malo awiriwo ali m'chigawo cha Cabo Delgado, komwe zigawenga zakhala zikuchita chipwirikiti kuyambira mu Okutobala 2017, ndipo nthawi zina zakhala zikufika mpaka m'maboma a Memba ndi Eráti, kumpoto kwa chigawo cha Nampula. Ndi ana m'galimoto, kumeneko si kopita. Angoche ndi tawuni yakale yokhala ndi mbiri yake, koma ili pambali kwambiri, idyerani tsiku lopita ndi tsiku lobwerera. Ine ndikuti mtima wa ulendo wa ku Mozambique umenewu ukhale chilumba cha Ilha, mugoneko masiku atatu, malo enawo akhale ongodutsamo.

Tsopano za nyengo. Mwatchula Disembala chifukwa ana amakhala atatsekera sukulu. Ndikumvetsa, koma kuyambira Disembala mpaka Epulo ndi nthawi ya mvula ndi anamondwe kugombe kumeneko. Inu ndi mboni, Freddy uja anatiliza mu Malichi 2023 analowera pafupi ndi Quelimane asanafike kwathu kuno. Gombe mu Malichi 2022 anamenya chigawo cha Nampula chomwechi. Chido mu Disembala 2024 anatera pafupi ndi Pemba. Ndipo mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo unakokolola mlatho pa Mocuba, msewu waukulu wa dziko lonse n'kuduka pakati. Njira yanu ikudutsa pomwepo. Choncho dikirani holide ya mu Ogasiti. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala kumakhala kouma, kutentha kwake kopiririka, ndipo udzudzu umachepako.

Mapepala. Apa mulembe bwino. Aliyense akhale ndi pasipoti yake, ana omwe, ndipo muone kuti yatsala ndi miyezi yoposa 6 isanathe. Amalawi timalowa ku Mozambique popanda viza ngati tikukacheza kwa masiku osapitirira 30. Za galimoto ndiye zimachedwetsa anthu: bulubuku yeniyeni osati fotokope yokha, layisensi yanu, chikalata cha apolisi chosonyeza kuti galimotoyo si yakuba, komanso chilolezo cha a MRA choti galimoto ituluke kwa kanthawi. Ngati dzina la pa bulubuku si lanu, kapena galimoto ikadali pa ngongole ya kubanki, mukhale ndi kalata yochokera kwa mwini wake. Mukawoloka, a mbali inayo akupatsani pepala lawo lolowetsera galimoto, ndipo mugule inshulansi ya kumeneko pachipata pomwepo. Khadi yachikasu ya inshulansi ya COMESA ija musadalire, Mozambique sili m'bungwe limenelo. Mapepala onsewa muwachite fotokope, ena muwajambule pa foni ya achemwali.

M'galimoto mukhale ma triangle awiri, jekete yowala ija ya pamsewu, chozimitsira moto, matayala a sipeya awiri ngati malo alipo, jeke yabwino ndi chopopera. Apolisi a pamsewu amafunsa zimenezi. Akakuimitsani, tsitsani galasi, perekani moni, onetsani mapepala modekha. Ngati mwalakwadi, pemphani kuti akulembereni ndipo mulandire lisiti. Liwiro m'matawuni ndi m'malo ochitira malonda ndi 60, ndipo zikwangwani zake zimayamba patali nyumba zisanaoneke. Ubwino wake amayendetsa kumanzere ngati ife.

Njira yake ndi iyi. Munyamuke mu Blantyre kusanache, mudutse Mulanje, mufike pa Muloza m'mawa chipata chikungotsegulidwa. Ndi makilomita pafupifupi 100. Tsidya lake ndi Milange. Pamenepo musinthe ndalama zokwanira kukhala meticais, chifukwa kwacha mukapitirira Milange palibe akuilandireni. Mugulenso simu khadi ya Movitel kapena Vodacom, amafuna pasipoti polembetsa. Kuchoka pa Milange kukafika ku Mocuba ndi makilomita pafupifupi 200. Pa Mocuba mulowa msewu wa N1, mukhotere kumpoto, mudutse Alto Molócuè mpaka Nampula, enanso pafupifupi 400. Tsiku loyambalo mugone ku Nampula ngati pachipata simunachedwe. Mukaona kuti nthawi yatha, gonani pa Mocuba kapena pa Alto Molócuè, musakakamire.

Ndikunena izi chifukwa cha dzuwa. Wotchi yathu ndi yawo ndi imodzi, koma gombelo lili kum'mawa kwambiri, ndiye kumacha msanga, kumadanso msanga. M'miyezi yozizira, 5 koloko madzulo dzuwa limakhala likulowa, ikamakwana hafu pasiti 5 ndi mdima. Munthu wozolowera kuti ndikadali ndi ola lina akupezeka ali pakati pa tchire, njinga zopanda nyale kutsogolo, mbuzi, anthu oyenda pansi, malole oima pamsewu atangoika nthambi za mitengo. Lamulo lanu likhale lakuti 4 koloko galimoto yaima pamalo ogona. Kuli bwino kudzuka 4 koloko m'bandakucha.

Pamafuta pali mawu awiri ofanana oti musawasokoneze. Petulo amati gasolina, dizilo amati gasóleo. Yanuyo ndi ya dizilo, ndiye mutsike, muloze pampu ndi chala, munene kuti gasóleo, ndipo muyang'ane akuthira. Thanki ikafika theka, thirani pa tawuni yoyamba mwaipeza. Chipwitikizi chochepa chikuthandizani: bom dia m'mawa, boa tarde masana, obrigado pothokoza, quanto custa pofunsa mtengo. Ku Milange Chichewa chimamveka bwinobwino. Kupitirira apo ndi Chilomwe, kenako Chimakhuwa, ndipo achemwali poti Chilomwe cha agogo akuchimvako, apeza mawu ambiri odziwika pamsika.

Tsiku lachiwiri ndi lopepuka. Kuchoka ku Nampula kukafika ku Ilha ndi makilomita pafupifupi 180. Mapiri a miyala ikuluikulu yoima payokhayokha ozungulira Nampula aja, ana awaone bwino. Pa Namialo samalani, msewu wa N1 umakhotera kumpoto kupita ku Pemba, inu mupitirire kum'mawa molunjika Monapo. Mukapitirira Monapo msewu ugawikanso, wina wa ku Nacala, wina wa ku Ilha. M'mbali mwa msewu amagulitsa mtedza wa kashu wokazinga, gulani pamenepo, dera limenelo ndiye kwawo kwa kashu.

Kenako mlatho. Alamu, mlatho umenewo ndi wotalika makilomita opitirira 3, pamwamba pa nyanja, ndipo ndi wa galimoto imodzi. Muli malo otambasuka apo ndi apo oti mupatukiremo wina akamabwera kutsogolo. Yendani pang'onopang'ono, muziyang'ana patali, mukaona galimoto ikubwera lowani pamalo opatukira ali pafupi ndi inu n'kudikira. Njinga zamoto ndi anthu oyenda pansi ali momwemo. Mukangofika pachilumba, ikani galimoto pamalo ogona, muiiwale masiku atatu. Chilumba chonse n'chotalika makilomita ngati 3, m'lifupi sichipitirira theka la kilomita, ndiye miyendo ikwanira.

Pano ndiye ndikufuna ndichedwepo. Kachilumba kakang'ono kameneka ndi komwe kanapatsa dziko lonse dzina loti Mozambique. Vasco da Gama anafikapo mu 1498 n'kupeza amalonda achisilamu ali kale pamenepo ndi zombo zawo. Apwitikizi anapasandutsa likulu lawo mpaka 1898, pomwe analisamutsira ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo. A UNESCO anachiika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse lapansi mu 1991. Kumpoto kwake kuli tawuni ya nyumba zamiyala, ndipo kumapeto kwenikweni kuli linga lalikulu la São Sebastião. Kuseri kwa lingalo, pamphepete penipeni pa madzi, kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte, komangidwa mu 1522. Mulowemo ndi ana, muwauze awerengetse zaka. Nyumba yofiira ya São Paulo, momwe ankakhala bwanamkubwa, pano ndi yosungiramo zinthu zakale, ndipo mumakhala okuonetsani. Alipireni, ndiyo ntchito yawo.

Kummwera ndi Makuti, komwe kumakhala anthu ambiri, dzinalo likuchokera ku masamba a kokonati ofolerera nyumba. Muona kuti nyumba zake zili m'munsi, msewu uli pamwamba. Akuti ndi momwe ankakumbamo miyala yomangira tawuni ya kumpoto ija. Muyendemo mwaulemu, ndi m'makomo mwa anthu. Ambiri ndi Asilamu, choncho zovala za kunyanja zithere kunyanja, m'tawuni achemwali amange chitenje, inunso malaya muvale. Amayi odzola zoyera kumaso, zomwe amazitcha mussiro, musawajambule musanapemphe.

Ndipo pali malo amodzi ndikupemphani kuti musawadumphe, munda wa chikumbutso cha akapolo, Jardim da Memória. Mbiri imeneyi ndi yathu. Amalonda a Chiyao ankachokera kuno kumadera a nyanja yathu atasenza minyanga ya njovu, pambuyo pake akutsogoza anthu omangidwa, mpaka ku Mossuril, tsidya la chilumbachi. Kuchokera apo anthu ankakwezedwa m'zombo kupita kuzilumba za Mauritius ndi Réunion, ena mpaka ku Brazil. Mtunda womwe inu muyende masiku awiri mutakhala pampando, iwo anauyenda ndi mapazi. Ine nditaima pakhomo la mundawo loyang'ana kunyanja ndinasowa chonena. Anawo afotokozereni, ndi aakulu mokwanira.

Tsopano za madzi, ndipo apa achemwali amvetsere nawo. Ife tinazolowera nyanja ya ku Mangochi ndi ku Salima, yomwe pomwe waisiya m'mawa ndi pomwe uipeze madzulo. Yamchere siili choncho. Imadzaza kawiri, imaphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi ngati 50 tsiku lililonse. Mwezi ukangooneka kumene komanso ukakhala wathunthu, madzi amathawa kutali kwambiri, pobwerera amabwera ndi liwiro. Mwana akhoza kupita kutali akutola zigoba pamchenga wouma, potembenuka n'kupeza madzi amuzungulira kumbuyo. Ndiye m'mawa uliwonse funsani pamalo mwagonapo kuti lero madzi adzaza nthawi yanji. Ana avale nsapato zapulasitiki m'madzi, muli miyala yakuthwa ndi tizilombo taminga. Galimoto musayendetse pamchenga wa pagombe, malamulo awo amaletsa.

Ulendo wa pangalawa ya thanga nawonso umayendera madzi omwewo ndi mphepo, osati wotchi yanu. Tsiku limodzi mupite ku kachilumba ka Goa, komwe kuli nsanja ya nyale yowongolera zombo, kapena muwolokere ku Cabaceira ndi ku Chocas komwe mchenga wake ndi woyera mbee. Mugwirizane mtengo dzulo lake, mufunse ngati ali ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndipo ngati palibe, fufuzani ngalawa ina. Mwini ngalawa akati tibwerere tsopano, musamuchedwetse, iye akuona zomwe inu simukuziona. Tengani madzi akumwa ambiri ndi zipewa, pa Goa palibe sitolo.

Chakudya musavutike nacho. Nsomba zam'nyanja, nkhanu, mpunga wophikira kokonati, komanso matapa, yomwe ndi chigwada chathu chomwechi koma chothira nsinjiro ndi mkaka wa kokonati. Madzi mumwe a m'botolo. Neti mutenge zanu, ndipo mwana akatentha thupi, kaya muli konko kaya mwabwerako, kukayezetsa malungo tsiku lomwelo. Masoketi awo ndi a mabowo awiri ozungulira, machaja athu a mano atatu salowa, ndiye mugule adaputa ku Limbe musananyamuke. Ndalama za m'thumba mutapire ku Nampula, musadalire kuti makina a pachilumba akhala ndi ndalama tsiku lomwe mwazifuna.

Pobwerera, ngati mukufuna kuona doko lomwe katundu wathu wina amatsikira, pitani ku Nacala kuchokera pa mphambano ya ku Monapo ija, musambe pa Fernão Veloso, mukagone ku Nampula. Quelimane ili makilomita ngati 150 kummwera kwa Mocuba. Mukakhala ndi tsiku lapadera, tsikirani kumeneko, mudye nkhuku yawo yowotcha ya kokonati, muone minda ya kokonati popita ku Zalala. Tsiku likasowa, isiyeni, Quelimane ndi yapafupi, mudzapita ulendo wina.

Sabata yomaliza musananyamuke, mumvere nkhani za ku Mozambique tsiku ndi tsiku. Chisankho cha mu Okutobala 2024 chitatha, misewu ina inkatsekedwa ndi zionetsero, ndiye zoterezi muzidziwiretu muli pakhomo. Mufunsenso madalaivala a malole pa Muloza za momwe msewu ulili pakati pa Mocuba ndi Nampula, iwo ndi amene adutsamo dzulo. Galimoto ipite kugalaja kukatsala sabata ziwiri kuti munyamuke, aone mabuleki ndi madzi a injini. Mapepala aja akakwana munditumizire zithunzi zake ndione ngati palibe chatsala. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana.