Makalata a omvera: Bambo a ku Santhe, ng'ombezo zisiyeni kaye m'khola

Makalata abwera ambiri sabata ino, koma ndiyambe ndi ya bambo ena a ku Santhe chifukwa ndaiwerenga katatu mtima osakhazikika. Akuti mwana wawo wamkazi anakhoza bwino MSCE koma dzina silinatuluke ku KUHeS, yunivesite yathu yophunzitsa udokotala, ndiye kwabwera ejenti akuti kunja kuli sukulu ya udokotala, alipire dipoziti mwezi uno malo asanathe. Ndalama ya mabelo a fodya a ku Chinkhoma ilipo koma yaperewera, pano akufuna kugulitsa ng'ombe ziwiri zapangolo.

Bambo, dikirani kaye. Udokotala saphunzira m'kalasi mokha ayi, zaka zoyamba ndi mabuku inde, koma zomalizazo mwana amakhala mu wodi, kumvera chifuwa cha wodwala, kusaka mtsempha pa kadzanja ka mwana woti malungo amuthera magazi, kuima pambali pa mayi akuchira usiku. Ndiye mukamufunse ejentiyo kuti ma clinical, maphunziro a mu wodi amenewa, akachitira chipatala chanji, atchule dzina, ndipo ndalama yake ili mu fizi momwemo kapena ndi yapadera? Masukulu ambiri a ku zilumba za Caribbean amaphunzitsa zaka ziwiri zoyamba pachilumbapo kenako ophunzira amapita ku zipatala za ku America kapena UK, apo ndiye visa ina, lendi ina, madola ena. Ku China aliko masukulu ophunzitsa mu Chingerezi, koma wodwala pabedi amadandaula m'chilankhulo chakwawo, mwana akapanda kuchiphunzira azingoima kumbuyo kuonerera anzake.

Chinanso, mwanayu akadzabwera sangagwire wodwala ngakhale pa chipatala cha boma pa Kasungu pompa asanalembetse ku Medical Council of Malawi. Kwerani basi mupite ku Lilongwe mukafunse ngati sukuluyo amaivomereza, thiransipotiyo siingafike pa mtengo wa ng'ombe. Mwanayo ayang'anenso dzina la sukuluyo pa World Directory of Medical Schools, mndandanda wa masukulu a udokotala padziko lonse, pa intaneti, ndi zaulere. Ndipo mudziwiretu kuti internship, yogwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, ya miyezi 18 ikumudikira, m'zipatala zazikulu ngati ku Central kapena ku Queens.

Makalata anayi sabata ino nkhani yake ndi yomweyi, ndiye makolo ndikudzudzuleni pang'ono. Pogula ng'ombe mumaitsegula kukamwa kuona mano, mumaiyendetsa, koma sukulu ya mwana wanu mukukhutira ndi chithunzi cha nyumba yosanja pa WhatsApp? Fizi yake ndi ya madola kwa zaka 5 kapena 6, kumbukirani November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anawerengera chaka choyamba chokha anagwira njakata. Mufunsenso kuti zikavuta mwana angasamuke ndi zomwe wakhoza kale, paja mu 2022 ophunzira anathawa nkhondo ku Ukraine maphunziro ali pakati.

Achimwene a ku Kapiri mukufunsa za masukulu a udokotala a ku Zambia, eee ndi pafupi, mungodutsa pa Mwami, ndipo matenda ake ndi omwe timawaona kunoko, komabe mafunso ndi omwewa.

Chemwali a ku Chulu, kuyamba ndi u clinical officer ku Malawi College of Health Sciences si manyazi, m'zipatala zathu za m'maboma amene akugwira ntchito yaikulu ndi iwowa, lembani kalata yofunsira malo.

Amayi a ku Mkanda moni wanu wafika, nyimbo yanu ikubwera tikatha. Bambo a ku Santhe, ejentiyo akakupatsani dzina la chipatala mutilemberenso.