Miyala imene imamera m'kati mwa chiwindi

Zikomo amayi, abambo ndi achinyamata nonse amene mwabwera. Ambiri munamvapo za miyala ya m'kathumba ka ndulu, ija madokotala amachotsa pamodzi ndi kathumbako munthu n'kuchira. Lero tikamba za miyala ina, yovuta kuposa imeneyo, imene imamera m'kati mwenimweni mwa chiwindi. Kuchipatala matendawa amawatchula kuti hepatolithiasis.

Chiwindi chili kumanja, kunsi kwa nthiti. Tsiku lililonse chimapanga ndulu yopitirira theka la lita, yothandiza kugaya mafuta a m'zakudya. Nduluyo imayenda m'tinjira ting'onoting'ono tambirimbiri, monga timifuleni timene timakumana n'kupanga mitsinje iwiri, wina wa kumanzere wina wa kumanja. Iwiriyo imakumana pakhomo pa chiwindi n'kutsikira m'matumbo. Miyala tikunenayi imakhala kumtunda kwa pokumanirapo.

Imayamba bwanji? Kanjira kena kakaphinjika n'kuchepa, ndulu imadikha kumbuyo kwake. Mabakiteriya ochokera m'matumbo, makamaka E. coli, amakwera n'kuswana m'ndulu yodikhayo, ndipo amasokoneza utoto wa ndulu wotchedwa bilirubin mpaka umagwirana ndi kashiamu n'kukhala matope. Matopewo ndiwo amaumbika kukhala miyala yofiirira moderapo, yofewa, yoti mukaifinya ndi zala imanyenyeka. Tsono mwalawo umapweteka khoma la kanjira, bala likapola limasiya chipsera, chipsera chimachepetsanso njira, ndulu n'kudikhanso. Mukamvetsa kuzungulira kumeneku mwamvetsa matenda onse. Mbali ya kumanzere ndiyo imagwidwa kawirikawiri chifukwa njira yake ndi yokhota, ndulu siituluka mosavuta.

Matendawa ndi ofala kwambiri kum'mawa kwa Asia, monga ku Taiwan, China, Korea ndi Japan, koma amapezeka kulikonse. Zimene zimawakolezera ndi kusowa zakudya zomanga thupi kwa nthawi yaitali, njoka za m'mimba za mtundu wa Ascaris zimene zimatha kukwawira m'njira ya ndulu n'kufera momwemo, tizilombo ta Clonorchis tolowa munthu akadya nsomba za m'mitsinje zosaphika, opaleshoni yakale imene inasiya chipsera panjirayo, komanso kubadwa ndi tinjira tofufuma.

Tsopano tcherani khutu. Ena amakhala nayo zaka osamva kanthu. Koma njira ikatsekeka, kawirikawiri zizindikiro zitatu zimabwera pamodzi: ululu kumtunda kwa mimba chakumanja, kutentha thupi mpaka kunjenjemera mano kuchita kugundana, ndi maso achikasu. Mkodzo umada, chimbudzi chimatuwa, khungu limayabwa. Ambiri amati ndi malungo, n'kumwa mankhwala a malungo, masiku n'kumapita. Chonde, kutentha thupi kukabwera ndi chikasu ndi ululu wa kumanja, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Wodwala akayamba kubwebweta, kuwodzera kapena kuzizira manja ndi mapazi, ndiye kuti tizilombo talowa m'magazi, ndipo apa tikuwerenga maola.

Kuchipatala amayeza magazi kuti aone bilirubin ndi mmene chiwindi chikugwirira ntchito, kenako amajambula ndi ultrasound. Chithunzi chimene chimaonetsa bwino miyala ndi malo ophinjika ndi cha MRCP, kujambula tinjira ta ndulu ndi makina a maginito otchedwa MRI. Makina ena ojambula m'thupi otchedwa CT amathandiza kuona ngati muli thumba la mafinya kapena mbali imene yafota.

Chithandizo chimayamba ndi diripi ndi maantibayotiki a mumtsempha. Koma mankhwala safika bwino m'njira yotsekeka, n'chifukwa chake ngati wodwala sakupeza bwino mkati mwa maola 24 mpaka 48, kapena wafika ali wodwalika kale, ndulu yamafinyayo iyenera kutulutsidwa. Amalowetsa kachubu kudzera m'kamwa mpaka pakhomo pa njira ya ndulu, chithandizo chimene amati ERCP, kapena amabaya pakhungu pakati pa nthiti kulowa m'chiwindi. Kutentha thupi kukatsika mpamene amalimbana ndi miyalayo: kakamera kakang'ono kamalowa m'tinjira, amaiphwanya, amaikokera kunja, n'kufutukula pamene paphinjika. Nthawi zambiri zimafuna maulendo angapo. Ngati miyala yadzaza mbali imodzi yokha ndipo mbaliyo yafota, chabwino koposa n'kudula chigawocho, poti chimachoka pamodzi ndi chipsera chake, ndipo chiwindi chotsalacho chimakula n'kugwira ntchito.

Kuchotsa kathumba ka ndulu kokha sikuthetsa vutoli. Ndipo zija mumamva zoti kumwa mafuta a olivi ndi madzi a mandimu kumatsuka chiwindi, musataye nazo nthawi. Timibulu tobiriwira timene timatuluka m'chimbudzi ndi mafuta omwewo amene aundana m'matumbo; miyala yeniyeni ikadali pomwepo.

Chimene chimatidetsa nkhawa ife achipatala ndi anthu amene ululu ukatha sabweranso. Miyala imeneyi imakonda kubwerera ngati chipsera chinatsala, ndipo kutupa kwa zaka zambiri kumabala mafinya m'chiwindi, kumaumitsa chiwindi, ndipo mwa ena kumayambitsa khansa ya tinjira ta ndulu, ngakhale miyala itachotsedwa kale. Choncho amene munathandizidwapo, sungani mapepala ndi zithunzi zanu, muzikajambulidwa pa masiku amene adokotala anakupatsani, ndipo mukaona kuti mukuonda popanda chifukwa kapena chikasu chabwerera, musadikire tsikulo. Amene ali ndi mafunso akweze dzanja, tiyambire kumbuyoko.